Galimoto ikayamba kumwa mafuta nthawi yozizira musathamangire kusintha batire

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani imene imabwera chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira, yoti galimoto yanga yayamba kumwa mafuta. Munthu wakhala akuyenda mtunda wakutiwakuti pa fulu thanki, kenako akungoona singano ikutsika msanga kuposa kale, nde kuyamba kuloza zala, wina akuti komwe ndinathira mafuta anasakaniza ndi zinazake, wina akuti batire la hybrid (galimoto yoyendera injini ya petulo ndi mota yamagetsi pamodzi) latha, wina akuti makanika anandionongera galimoto, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi munthu uja wataya ndalama zankhaninkhani kusintha zinthu zomwe zinali bwinobwino. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri chifukwa nthawi zambiri galimotoyo ilibe vuto, ikungochita zomwe injini ina iliyonse imachita ikazizidwa, ndipo akanamufotokozera munthuyo bwinobwino akanasunga ndalama zake.

Tiyambe ndi injini wamba ya petulo, hybrid tiyisunge kaye. Injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha, madzi ake akafika cha m'ma digiri 90 mpamene chilichonse chimakhala m'malo mwake. Mukailiza m'mawa itagona panja usiku wonse, chitsulo chonse chija chimakhala chozizira kuti zii, ndipo petulo kuti apse bwino amayenera asanduke nthunzi kaye asakanikirane ndi mpweya, koma pa chitsulo chozizira wina amangomatirira m'mbali madonthomadontho osapsa n'komwe. Kompyuta ya galimoto imadziwa zimenezi nde imathira petulo woposa muyezo mwadala kuti injini isazime. Muyezo wake injini ikatentha ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo potengera kulemera, koma mphindi zoyambirira zija petulo amachuluka kuposa pamenepo. Pamwamba pa apo pali kachipangizo ka mu ekisozi koyeretsa utsi kaja, catalytic converter, kamene sikagwira ntchito mpaka katatentha kufika cha m'ma digiri 300, nde kompyuta imakweza marevu kuti katenthe msanga, n'chifukwa chake mukangoiliza mumamva ikulira mokweza kenako n'kutsika yokha. Oyilo nayenso amakhala atalimba, wa mu injini, wa mu giyabokosi, olo girizi wa m'mawilo, zonse zimakoka mbuyo mpaka zitatentha. Nde mafuta amene mukuotcha pa makilomita oyamba aja, gawo lalikulu likungotenthetsa chitsulo ndi madzi ndi oyilo, loyendetsa galimoto ndi lochepa.

Apa mpamene pagona nkhani yonse, utali wa ulendo. Amene amayenda ulendo wautali mtengo wotenthetsa injini amaulipira kamodzi n'kuugawa pa makilomita ambiri, sauona n'komwe. Koma amene amailiza galimoto kupita pafupi, kuizimitsa, ikazizira n'kuilizanso kubwerera, masana n'kutulukanso kapafupi, ameneyo akulipira mtengo uja mobwerezabwereza, zili ngati kuteleka madzi n'kumawaphula asanawire, akazizira n'kuwatelekanso, moto ukungotha madzi osawira. Unduna woona za mphamvu ku America, Department of Energy, unafalitsa zotsatira za mayeso pa nkhani imeneyi ndipo zikuonetsa kuti poyenda m'tauni galimoto wamba ya petulo imataya pafupifupi 15 peresenti ya mtunda wake pa lita kunja kukazizira kufika -7°C poyerekeza ndi 25°C, ndipo pa maulendo afupiafupi a makilomita 5 kapena 6 imatha kutaya mpaka 24 peresenti. Hybrid pa kuzizira komweko imataya pakati pa 30 ndi 34 peresenti. Wina anena kuti kwathu sikufika -7, chabwino, nde kutaya kwanu kukhala kochepa kuposa apo, koma sikukhala ziro ayi, injini imene ikufuna digiri 90 ikayambira pa 8 kapena 10 ili ndi ulendo wautali kuposa yoyambira pa 28, ndipo hita mumayatsabe.

Tsopano hybrid, chifukwa eni ake ndi amene amadandaula kwambiri ndipo ndi amene amaberedwa kwambiri. Chinsinsi cha hybrid sichovuta. Imasunga mafuta pozimitsa injini paliponse pamene injini sikufunika, pa maloboti, pa jamu, potsetsereka, poyenda pang'onopang'ono, komanso mukaponda mabuleki mota yamagetsi ija imasanduka jenereta n'kubweza mphamvu mu batire mmalo moti itayike ngati kutentha. Kuzizira kumalanda zonse ziwirizi nthawi imodzi. Injini ikakhala yozizira kompyuta siyilola kuti izime, imayenera ilire mpaka madzi ndi catalytic converter zitenthe, nde mphindi zoyamba zija hybrid yanu ikuyenda ngati galimoto ina iliyonse. Ikatentha n'kuyamba kuzimazima, imayambanso kuzizira chifukwa injini yozima siyitulutsa kutentha, mphepo yozizira ikuwomba pa rediyeta, nde pakapita kanthawi iyenera ilirenso olo batire lili lodzadza. Ndipo injini za hybrid za Toyota zimagwiritsa ntchito njira ija amati Atkinson cycle, imene imatulutsa ntchito yambiri pa mafuta ochepa, Prius ya 2015 inafika pa 40 peresenti ya mphamvu ya mu petulo kusanduka ntchito, zomwe ndi zabwino kwambiri, kungoti injini yosataya mphamvu ndi injini yomweyonso imene imachedwa kutentha.

Koma chachikulu ndi hita. Anthu ambiri amaganiza kuti poti galimoto ndi yamagetsimagetsi ndiye kuti hita nayonso ikuchokera ku batire, ayi ndithu, mu hybrid zambiri mpweya wotentha umene ukukuombani kumapazi ukuchokera ku madzi a injini, amadutsa mu karediyeta kakang'ono kuseri kwa dashibodi, fani n'kumakankha mpweya kudutsa pamenepo. Mu galimoto wamba kutentha kumeneko ndi kwaulere chifukwa injini ikulira kale ndipo ikufuna kutaya kutentha. Mu hybrid mukayatsa hita mukukoka kutentha mu injini imene imafuna kupuma, madzi akatsika kompyuta imailiza basi. Amene ali ndi hybrid ya Toyota monga Prius kapena Aqua ayese izi m'mawa wozizira akaima pa maloboti injini itatenthako: hita ili pa 26, fani ikuomba, mumva injini ikunjenjemera pansi pa phazi galimoto ili chiimire, ndipo kachithunzi ka pa dashibodi kakuonetsa mivi ikuchoka ku injini. Dinani OFF pa hita muone, pakangopita timasekondi tingapo injini ija imangoti zii, kuzima. Yatsaninso, posakhalitsa yadzukanso. Palibe chaonongeka pamenepo, galimoto ikungokupatsani chimene mwapempha, ndipo ikuchigula ndi petulo.

Batire lalikulu lija nalonso silikonda kuzizira, kaya ndi la nickel-metal hydride lomwe lili mu ma Prius ambiri akale kaya ndi la lithium-ion, likazizira limachedwa kulandira ndi kupereka moto, nde kompyuta imachepetsa mwadala mphamvu yolowa ndi yotuluka kuti lisaonongeke, makamaka la lithium limene kulichaja mwamphamvu litazizira kwambiri kumaliononga. Ndiye kuti mukaponda mabuleki gawo lalikulu likupita ku mabuleki enieni, mphamvu ija yatayika, ndipo ponyamuka mota sikuthandiza mokwanira nde injini ikunyamula katundu yokha. Mukayendako batire limatentha lokha komanso ndi mpweya wa mkati mwa galimoto, zinthu n'kubwerera mwakale. Zimenezi ndi zakanthawi. Chimene chimapha batire la hybrid msanga ndi kutentha kwambiri, makamaka kakhomo kopumira kamene kamakhala cha ku mpando wakumbuyo kakatsekeka ndi fumbi, ubweya kapena chikwama chimene mwana anaika pamenepo, nde amene akudera nkhawa batire lake ayambe wayang'ana pamenepo.

Opanga magalimoto nawo vutoli amalidziwa kuyambira kale. Prius inatuluka koyamba ku Japan mu 1997, ndipo pofika pa ya 2004 imene ankagulitsa ku America anaikamo kabotolo kosunga madzi otentha a injini, pafupifupi malita 3, kuti mukamailiza m'mawa kapampu kathire madzi ofundawo mu injini isanayambe. Pa yotsatira ya 2009 anasintha njira, anayamba kutapa kutentha kwa mu ekisozi n'kumatenthetsera madzi. Pa ya 2015 anaika tizitseko kutsogolo totseka tokha kuti mphepo isamazizitse injini ikadali yozizira. Kampani singavutike chonchi kanthawi konseka kukonza chinthu chimene kulibe, nde makanika amene akukuuzani kuti hybrid yabwino siyisintha kamwedwe nthawi yozizira sakuidziwa bwino galimotoyo.

Ena akamva 30 peresenti ija amati ndekuti hybrid ilibe phindu, bola wamba. Tiyeni tiwerenge limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti hybrid imayenda makilomita 25 pa lita kukatentha, itataya 30 peresenti ikhala pa 17.5. Wamba imene imayenda 13 itataya 15 peresenti ikhala cha pa 11. Hybrid ija ikadali patsogolo kutalitali. Ndipo mukaziona mbali ya malita pa makilomita 100, hybrid yachoka pa malita 4 kufika 5.7, wamba yachoka pa 7.7 kufika 9, nde mafuta owonjezera amene onse awiri akugula ndi ofananako ndithu, kungoti kwa amene amamwa pang'ono kachinthu kakang'ono kamaoneka kakakulu pa dashibodi. Mwini hybrid ndi amenenso amayang'ana nambala ija tsiku ndi tsiku chifukwa imakhala pamaso pake, wa galimoto yakale sadziwa n'komwe kuti naye akutaya.

Tibwere ku mafuta enieniwo, chifukwa apa pali zoona ndi zabodza zosakanikirana. Choona n'chakuti lita si lita, mphamvu imene ili mu lita imasiyana. Petulo weniweni ali ndi pafupifupi ma megajoule (muyezo wa mphamvu) 32 pa lita, ethanol, mafuta opangidwa kuchokera ku mbewu amene amasakaniza mu petulo, ali ndi 21, dizilo cha m'ma 36. Ethanol ndi wochepa mphamvu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, nde petulo wosakaniza ndi 10 peresenti ya ethanol, amene amalemba E10, amachepetsa mtunda ndi pafupifupi 3 peresenti, mukachulukitsa ethanol kuchepako kumakulanso, E85, amene ali ndi ethanol wofika 85 peresenti, amatha kudula mtunda ndi 15 mpaka 27 peresenti. Nde ngati munthu wasintha kuchoka pa petulo wopanda ethanol kupita pa E10 n'kuona kuti wataya kilomita imodzi pa makilomita 30 aliwonse, ameneyo akunena zoona. Koma ngati wataya kotala yathunthu ya mtunda wake n'kumati ndi ethanol, masamu sakugwirizana, ayang'ane kwina. Ethanol alinso ndi khalidwe lina, sasanduka nthunzi msanga kukazizira. Ku Brazil kumene magalimoto a flex amene amalandira petulo kapena ethanol anayamba mu 2003, kwa zaka zambiri ankaika kathanki kakang'ono ka petulo pafupi ndi injini kongolizira m'mawa wozizira, ndipo ku Sweden E85 amamutsitsa kukhala E75 nthawi ya chisanu pa chifukwa chomwecho. Ethanol amakokanso madzi a mu mpweya, nde galimoto imene imakhala miyezi osayenda thanki ili theka, kapena plug-in hybrid, ija yochaja pa soketi, imene mwini wake amangoyendera magetsi petulo n'kumakalamba mu thanki, imeneyo ndiyofunika kuisamala.

Ine sindidana naye ethanol, ali ndi ubwino wake, amakweza octane, nambala ija yonena mmene petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini, komanso mayiko osakumba mafuta amatha kudzipangira okha kuchokera ku mbewu. Chimene ndimafuna ndi chilungamo basi, pa pampu pazilembedwa poyera kuti muli ethanol wochuluka bwanji, munthu azidziwa chimene akugula, sinanga akulipira pa lita pomwe chimene chimayendetsa galimoto ndi mphamvu ya mu litayo. Kusalemba ndi kumene kumabala mphekesera zonsezi.

M'mayiko a chisanu monga America ndi Canada palinso china, petulo wa nthawi yozizira amasiyana ndi wa nthawi yotentha, amaonjezeramo butane kuti azisanduka nthunzi msanga injini isavute kulira, koma butane ali ndi mphamvu yochepa pa lita nde mtunda umatsikako pang'ono. Dizilo naye ali ndi phula mkati mwake limene kukazizira kwambiri limayamba kuundana n'kutseka fyuluta, nde kumeneko amamupepukitsa, nthawi zina pomusakaniza ndi parafini woyengedwa bwino, ndipo wopepukayo mphamvu yake ndi yochepanso. Injini ya dizilo ikatentha imasunga mafuta kwambiri, koma imachedwa kutentha kuposa ya petulo, ndipo za masiku ano zimene zili ndi sefa ya mwaye ija amati DPF sizigwirizana ndi timaulendo tapafupi ngakhale pang'ono, sefayo imafuna ulendo wautali kuti itenthe n'kuotcha mwaye, ikalephera imatsekeka mafuta n'kumapita ambiri. Amene amayenda pafupipafupi m'tauni aganize kawiri asanagule dizilo yoteroyo.

Za octane ndingonena mwachidule. Petulo wa 98 alibe mphamvu yoposa wa 91 kapena 95, nambala ija imangonena mmene amapiririra kupanikizidwa asanaphulike yekha. Ngati buku la galimoto yanu likuti wamba ndi wokwanira, kugula wapamwamba sikubweza mtunda umene kuzizira kwatenga. Ngati likuti wapamwamba, mpatseni wapamwambayo chifukwa mukampatsa wotsika kompyuta imabweza tayiming'i m'mbuyo poteteza injini ndipo pamenepo mumatayadi. Timabotolo ta mankhwala tothira mu thanki tolonjeza kusunga mafuta tija nditisiye, ndalama imeneyo bola mugulire geji ya matayala.

Matayalawo ndi chinthu chimene anthu amachinyoza. Mpweya ukazizira umafota, pa madigiri 5 kapena 6 aliwonse amene kwatsika tayala limataya pafupifupi 1 psi pa geji yoyezera mpweya, nde amene anapopa masana kukutentha miyezi yapitayo akuyenda ndi matayala ofewa osadziwa, ndi maso simungaone. Yezani m'mawa musanayende, nambala yoyenera ili pa kapepala kamene kamamatidwa pa chitseko cha dalaivala, osati yolembedwa pa tayala penipenipo, ija ndi malire chabe. Mpweya wa kunja nawo ukazizira umalemera, pa -7 ndi wolemera kuposa pa 25 ndi pafupifupi 12 peresenti, nde pa msewu waukulu mukathamanga galimoto ikukankha mpweya wochuluka, mukaonjezera kariya padenga ndi msewu wonyowa ndi magetsi oyaka nthawi yaitali, tinthu ting'onoting'ono timeneti tikaphatikizana timaoneka pa thanki.

Koma pali ziwiri zimene anthu amadzichitira okha kapena kuchitiridwa ku galaja, ndipo izi nde zimandikwiyitsa. Choyamba ndi kuchotsa themositati. Galimoto ikangotenthako pang'ono amakanika ena amathamangira kuichotsa n'kumati tsopano izipuma bwino, mmalo mofufuza ngati rediyeta yatsekeka kapena fani sikuzungulira kapena pampu yamadzi yatopa. Themositati ntchito yake ndi kutsekera madzi mu injini mpaka atatentha kenako n'kuwatsegulira ku rediyeta, mukaichotsa madzi akuzungulira ponseponse kuyambira sekondi yoyamba, injini siyifikanso pa digiri 90, kompyuta ikuganiza kuti kukadali m'mawa tsiku lonse nde ikungothira petulo wambiri, mapulagi akuda, petulo wina akutsikira mu oyilo n'kumusungunula. Pa hybrid nde ndi zoopsa kwambiri chifukwa injini imene sikutentha siyizima, mwagula hybrid n'kuisandutsa wamba yonyamula batire lolemera. Chizindikiro chake n'chosavuta, mwayenda mtunda ndithu koma singano ya kutentha ikadali pansi kapena kagetsi kabuluu kakuchedwa kuzima, hita ikutulutsa mpweya wofunda chabe, mukatsetsereka singano ikutsikanso. Pa makina oyezera nthawi zambiri imatulutsa khodi ya P0128. Themositati yofa ili chitsegukire imachitanso chimodzimodzi, ndipo ndi kachinthu kotchipa poyerekeza ndi batire limene wina akufuna kukugulitsani.

Chachiwiri ndi oyilo wolimba. Injini za hybrid zambiri anazipangira oyilo wopepuka monga 0W-20, zatsopano zina mpaka 0W-16, koma mupeza munthu wathiridwa 20W-50 poti eti wolimba ndi amene amateteza. M'mawa wozizira oyilo ameneyo amachedwa kufika kumwamba kwa injini ndipo amakoka, tsono ganizirani injini ya hybrid imene imalira n'kuzima kambirimbiri pa ulendo umodzi. Tsegulani buku la galimoto kapena muwerenge pa chotsekera cha oyilo, ndipo posintha muime pompo muone botolo limene akutsegula.

Palinso chizolowezi choliza galimoto n'kuisiya ikulira pakhomo mphindi 10 kapena 15 kuti eti itenthe. Chimenechi chinachokera ku nthawi ya makabyuleta, magalimoto a masiku ano a injekishoni sachifuna. Galimoto yoima ikuyenda makilomita ziro pa lita, ndipo imachedwanso kutentha kuposa imene ikuyenda chifukwa injini yopanda katundu imatulutsa kutentha kochepa. Lizani, dikirani theka la miniti, mangani lamba, nyamukani mofatsa osaponda moto kwambiri makilomita oyamba, giyabokosi ndi mawilo nazo zimatentha poyenda basi. Ngati muli ndi malo angapo oti mupite, yambani ndi akutali kwambiri kuti injini itenthe mokwanira kenako muzibwerera mukuima apa ndi apo, ikazima yotentha kudzuka kwake sikudya zambiri. Wa hybrid adikire mphindi zingapo asanayatse hita, akayatsa asaiike pamwamba penipeni, ndipo ngati galimoto ili ndi hita ya m'mipando agwiritse imeneyo chifukwa ndi yamagetsi, siyidzutsa injini ngati ina ija. Koma chonde apa ndisamveke molakwika, galasi lakutsogolo likachita nthunzi yatsani chochotsera nthunzi pompo olo injini ilire, musayende mukusuzumira pa kabowo kopukuta ndi dzanja pofuna kusunga kapu ya petulo, ana akuyenda m'mbali mwa msewu m'mawa ndipo kunja kukadali mdima.

Ogulitsa magalimoto nawo ali ndi mlandu wawo. Amakuuzani nambala ya pa pepala ngati kuti ndi lonjezo. Aqua itatuluka mu 2011 inalembedwa makilomita 35.4 pa lita pa mayeso a ku Japan otchedwa JC08, koma mayeso amenewo amachitikira m'nyumba yofunda, galimoto ili pa makina, hita ndi AC zozima, liwiro lochepa. Olo mayeso atsopano a WLTP amene ali pafupiko ndi zenizeni amachitikira pa 23°C. Munthu akagula ali ndi 35 m'mutu n'kuona theka lake m'mawa wozizira pa kaulendo kapafupi, ayamba kukayikira galimoto yake mosayenera. Wogulitsa wachilungamo amayenera afunse kaye kuti mumayenda bwanji, pafupi kapena patali, n'kukuuzani zoti muyembekezere nthawi yotentha ndi yozizira.

Nde musanapite kwa makanika yezani kaye bwinobwino. Nambala ya pa dashibodi ndi yongoyerekeza ndipo nthawi zambiri imakometsa, singano ya thanki nayo siyitsika mofanana kumwamba ndi kumunsi. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa ziro, yendani mmene mumayendera, mukadzazanso gawani makilomita ndi malita amene alowa, mulembe pamodzi ndi mtundu wa mafuta ndi mmene kunja kunaliri. Thanki imodzi siyikwanira kuweruzira, chitani kangapo. Ngati mtunda watsika kukuzizira n'kubwerera kukayamba kutentha, kapena ngati pa ulendo wautali nambala ikukwera kufika pafupi ndi yakale, galimoto yanu ili bwino. Batire la hybrid likamafadi limadzionetsa mwa njira zake, timizere ta batire pa dashibodi timadzadza n'kutha mofulumira ngati mukuseweretsa, fani ya kumbuyo imalira kwambiri, mphamvu ponyamuka imachepa nyengo ina iliyonse, kenako kumabwera chenjezo lofiira ndi khodi monga P0A80. Popanda zimenezi munthu asakuuzeni kuti latha pongomvera ndi khutu, muuzeni alumikize makina akuonetseni mavoti a mabuloko onse a mu batirelo mudzionere nokha. Ndipo ngati m'mawa wozizira galimoto ikukana kulemba READY pa dashibodi, mawu osonyeza kuti yakonzeka kuyenda, nthawi zambiri vuto ndi kabatire kakang'ono ka 12V kamene kamadzutsa makompyuta, chifukwa ndi kamene kamafooka msanga ndi kuzizira kakakalamba.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti nyengo yozizira isanafike muzitipatsako tsamba la nkhani zimenezi m'chilankhulo chathu, muitane amakanika amene anaphunzira bwino za hybrid azidzayankha mafunso a owerenga, komanso atolankhani anu afunse ogulitsa mafuta kuti mu lita imene tikugula muli ethanol wochuluka bwanji ndipo bwanji osalemba pa pampu. Mabuku a magalimoto ambiri ogulidwa kunja amabwera m'zilankhulo zimene eni ake atsopano sangawerenge, ena amabwera opanda buku n'komwe, nde ngakhale mutangosindikiza mndandanda wa oyilo woyenera ndi mpweya wa matayala wa magalimoto amene ali ambiri pa msewu mungathandize anthu ochuluka.

Ine wanu,
Mwini hybrid wodandaula